Galu wa M'kamwa Mofewa

Kwathu ku Dowa galu sapatsidwa, amangobwera. Umangoona tsiku lina kagalu kagona kuseri kwa nkhokwe, ukakaponyera mkute kawiri, basi ndi kako. Ntchito yake ndi kuuwa, kudya zotsala ndi kuzinda miyala. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo pamene ndinkafika ku Thyolo kudzagwira ntchito ya unamwino pa dispensale ya esiteti ina ya tiyi, sindinkaganiza kuti pali chimene munthu wamkulu ngati ine angaphunzire za agalu.

Matipate anali atangoyamba kumene, anthu akuyankhula mokweza m'mabasi zinthu zimene kale ankanong'ona. Amuna anga anapeza malo pa sukulu ya pulayimale ya pa esiteti pomwepo, ndipo tinapatsidwa nyumba ya njerwa pa mzere wa nyumba za masitafu, kumapeto kwenikweni. Ukatsegula chitseko cha kukhitchini, tiyi ali pomwepo, wobiriwira mpaka kukafika ku mabulugamu. Nyumba yotsatana ndi yathu munkakhala akapitawo a divishoni yathu ndi akazi awo, anthu a ku Thekerani, a mpingo wa Sabata. Mayiwo ndinkangowatchula kuti aneba, iwo n'kumanditchula kuti anesi, ndipo tinkagwirizana monga amachitira anthu oti amapalana moto.

Galuyo anabwera chifukwa cha chilonda. Adona, akazi a manijala wamkulu, anachekedwa ndi lata pa mwendo m'dimba mwawo la maluwa, ndipo kwa milungu iwiri ndinkakwera mtunda kupita ku nyumba yawo yaikulu kukatsuka chilondacho. Pa khonde lawo panali galu wamkazi wa ubweya wautali, wofiirira ngati uchi, atangoswa kumene. Tsiku loyamba ndinamulambalala kutali, popeza kwathu galu woyamwitsa sayandikiridwa. Koma iye anadzuka, tiana tikulendewera ku mabere, n'kudzandiika mutu pa bondo ngati tinadziwana kalekale. Adona anati mtundu umenewu ndi golodeni ritiriva. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Chilonda chitapola anandiuza kuti ndisankhe kagalu kamodzi. Ndinkafuna kukana mwaulemu, koma kena kake kanali katagona pa nsapato yanga, kamimba kali m'mwamba. Adona anandilembera pepala lodzaza mbali zonse ziwiri: za katemera, za mankhwala a njoka za m'mimba, za nkhupakupa, za kupesa ubweya. Pomaliza, tili pa geti, anandiuza m'Chingerezi, akumwetulira monyadira, kuti agalu amenewa ali ndi m'kamwa mofewa. Ndinawamva bwinobwino, mawu onse. Ndinali nesi, ndiye m'mutu mwanga munabwera nkhama zosachedwa kutuluka magazi ndi mano ogwedera. Sindinafunse kanthu. Safunsa anadya phula.

Nditafika nako kunyumba m'katoni, amuna anga anawerenga pepala lija pang'onopang'ono ngati akuchonga mayeso.

"Akazi anga," anatero, "odwala a ku dispensale sakukukwanirani? Mwati mubwere naye wina wa pakhomo?"

"Kali ndi m'kamwa mofewa," ndinawauza. "Musamakapatse mafupa."

"Galu wosadya mafupa. Chabwino. Nanga tiyi kamamwa wa shuga angati?"

Choncho galu wanga anakula ndi phala la mgaiwa, bonya wosinja ndi timkaka pang'ono. Nyama ndinkachita kumuduliradulira ting'onoting'ono ngati ya khanda. Aneba ankaima pa mpanda wa maluwa umene unkalekanitsa nyumba zathu, manja m'chiuno, n'kumaseka mpaka misozi.

"Anesi, koma inuyo! Mwanapwa kumusinjira bonya? Ife kwathu mukanatchuka mudzi wonse."

Mwanapwa ndiye galu m'Chilomwe chawo, ndipo pakamwa pawo mawuwo ankamveka ngati akunena mlendo wokhalitsa amene sakufuna kutsanzika.

Walira mvula walira matope. Thyolo ndi dziko lonyowa, ndipo galu wa ubweya wautali amakutengera dziko lonselo m'nyumba. Akalowa m'tiyi m'mawa ankatuluka atanyowa mpaka m'makutu, chisoso chitamatirira mchira wonse. Ndinagula chipeso cha mano akuluakulu ku Luchenza, ndipo madzulo alionse ndikaweruka ndinkakhala pa sitepe ya kukhitchini n'kumamupesa, uku ndikuchotsa nkhupakupa n'kumaziponya m'kachitini ka parafini. Ndisaname, nthawi imeneyo ndinkaikonda kuposa nthawi ina iliyonse ya tsiku. Tsiku lonse ndakhala ndikubaya anthu olira, kumva madandaulo a msana wa anthu othyola tiyi, kukalipira amayi osabwera ndi ana ku sikelo. Apa ndinali ndi wodwala mmodzi yekha, woti ndikamutembenuza amatembenuka, ndikamutsegula khutu amangotsinzina.

Dzinja loyamba anatupa timabuluzu pamimba ponse. Ndinadziwa kuti ndi mphutsi, zija zimalowa m'khungu la ana akavala zovala zoyanikidwa pansi. Ndinapaka vaselini pa kabuluzu kalikonse, ndikudikira kuti zibanike, kenako n'kuzifinya imodziimodzi. Sanandilume, sanandiopseze. Anangolira chapansipansi n'kumanyambita dzanja lomwelo limene linkamufinya. Kuyambira pamenepo ndinamuletsa kugona pa dothi, ndipo amuna anga, omwe aja a shuga angati, ndi amene anamukhomera kabedi ka matabwa n'kuyalapo thumba. Nthawi ya chiperoni, nkhungu ikatsika n'kukhala masiku atatu osachoka, makutu ake ankanunkha, ndiye ndinkawapukuta ndi thonje n'kuwaumitsa. Ubweya wake unkapezeka paliponse, pa yunifolomu yanga yoyera, pa jekete la amuna anga, mwina ndi m'ndiwo momwe.

Tsiku la katemera wa chiwewe tinapita naye ku Luchenza. Anthu anali pa mzere ndi agalu awo oonda, omangidwa ndi khonje, akulimbana n'kumakokana. Wanga anadutsa mzere wonse akupereka moni kwa aliyense, mchira ukuyenda ngati tsache. Bambo wina anandifunsa ngati ndi mwana wa mkango. Mayi wina anati ayi, imeneyo ndi nkhosa ya azungu. Ine ndinali nditatukula mapewa, ndikuyenda ngati ndapambana mpikisano.

Pa ntchito ya ulonda ndiye panalibepo galu. Sankauwa munthu. Wogulitsa nthochi, wofuna ganyu, woledzera wosokera, onse ankawalandira ngati achibale ochokera kutali. Akapitawo ankati wakuba akadzabwera kwathu, galuyo adzamuthandiza kunyamula katundu mpaka pa msewu. Sankanama kwenikweni, chifukwa kunyamula ndiko kunali moyo wake. Kuyambira ali wamng'ono sankayenda kukamwa kuli chabe. Chitsononkho, silipasi, chivundikiro cha poto, chilichonse ankabwera nacho n'kudzaima nacho patsogolo panga.

Ndinaona kuti bola ndimuphunzitse kusiyana ndi kulimbana naye. Ndinayamba ndi chitsononkho. Ndikamupatsa ndinkati, "Tenga." Akabwera nacho ndinkatambasula dzanja n'kuti, "Patse." Vuto lake linali kutaya zinthu panjira akaona gulugufe, ndiye ndinalimbikira pa chinthu chimodzi: ukatenga, usasiye mpaka utamva kuti patse. Tinachita zimenezo madzulo alionse kwa miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamapeto pake ndinkatha kumupatsa makiyi a ku dispensale, ine n'kulowa m'nyumba, kuvula nsapato, kumwa madzi, potuluka n'kumupeza ali chiimire pomwepo, makiyi ali kukamwa, akudikira mawu anga. M'mawa ankandinyamulira kachikwama mpaka pa khomo la dispensale, anthu a m'munda n'kumaimika madengu awo kuti aonerere. Alendo akabwera kwathu ndinkawaonetsa zimenezi asanamwe n'tiyi yemwe. Ndinali wonyada, ndipo kunyadako ndinkakudziwa.

Galuyo ali ndi zaka ngati ziwiri, pa khonde pathu panayamba kupezeka mazira. Ndikaweruka madzulo ndinkapeza dzira limodzi, mwina awiri, ataikidwa bwinobwino pa chopondera cha pakhomo. Sindinadabwe. Anthu a pa esiteti anali ndi chizolowezi chothokoza nesi mwakachetechete: umapeza mapeyala atatu, phava la nthochi, kamtolo ka nandolo, mwini wake osadziwika. Ndinangoti ndi mayi wina amene ndinamuthandiza pobereka. Mazirawo ndinkakazinga ndi tomato, ndipo amuna anga ankati Mulungu adalitse wodwala ameneyo, asachire msanga. Tinadya choncho pafupifupi mwezi wathunthu.

Lachisanu lina madzulo aneba anabwera, koma sanaime pa mpanda monga mwa nthawi zonse. Anazungulira, kudzera kumaso, n'kuodira pakhomo ngati mlendo. Pamenepo ndinadziwa kuti pali nkhani. Anakhala pansi pa khonde, anakana mpando.

"Anesi, ndabwera ndi madandaulo. Nkhuku zanga ziwiri zimaikira m'tiyimu, ndimadziwa malo ake. Mwezi wonse uno ndikapita ndimapeza pali mbee. Ndimati ndi nyenga. Lero ndamuona ndi maso angawa mwanapwa wanu akutuluka m'tiyi, dzira lili kukamwa."

Maso anga anathamangira pa chopondera chija, pamene ola limodzi lapitalo ndinali nditatolapo dzira. Linali m'kabati, m'mbale, pamodzi ndi la dzulo. Zonse ndinazimvetsa nthawi yomweyo, ndipo choyenera kunena chinali chapafupi: aneba, galu sadya mazira anu, tikudya ndife. Koma ndinaganiza za mmene nkhaniyo ingayendere. Nesi wolandira malipiro, mlendo wa ku chigawo chapakati, kudya mazira a akazi a kapitawo mwezi wonse, n'kumati sankadziwa. Pofika Lolemba ikanakhala itafika ku sikelo ya tiyi, ku fakitale, ndi ku sukulu kwa amuna anga. Choonacho ndinachibisa.

"Pepani aneba," ndinatero. "Ndimumanga."

"Kumanga sikuthandiza, anesi. Galu akalawa dzira sasiya. Akatha mazira ayamba anapiye. Abambo kunyumbaku akwiya, akuti angomuikira tameki m'kanyama nkhani ithe. Ine ndawaletsa, ndati anesi ndi munthu wabwino, timuchite mankhwala a kwathu."

Mankhwalawo ndinkawadziwa, chifukwa ndi kwathu komwe amachita. Umaphika dzira, n'kulitsomphola m'madzi owira, n'kumupatsa galu wakubayo. Iye ndi dyera lake amaliluma, limamuwotcha, amalilavula n'kuthawa akulira, ndipo kuyambira tsiku limenelo akaona dzira amalambalala. Za tameki sizinali zoopseza chabe. Agalu awiri pa mzere wathu anali atafa kale choncho, thovu lili kukamwa, popanda wofunsa.

"Dzuwa likulowa, Sabata layandikira," anatero aneba podzuka. "Tichite Lamulungu m'mawa. Dzira ndibweretsa ndine."

Ndinali ndi tsiku lonse la Loweruka loti ndiganize, ndipo ndinaliwononga podzinyengerera. Ndinati ndi kanthawi kochepa, aluma n'kulavula, pofika madzulo waiwala. Ndinati bola kupsa lilime kusiyana ndi tameki. Ndinati mwinanso ena amadyadi, ndani akudziwa. Amuna anga sindinawauze za mazira a m'kabati. Iwo anangoti sakufuna kuonerera, ndipo Lamulungu m'mawa analawirira ku tchalitchi.

Aneba anabwera ndi kapoto kakufuka nthunzi, atakagwira ndi chitenje. Akapitawo anaima chapatali, kuseri kwa mpanda. Ndinamuitana galu, anabwera akuthamanga, n'kukhala patsogolo panga monga ndinamuphunzitsira.

"Mpatseni ndinu," anatero aneba. "Kwa ine akhoza kukana."

Ndinavuula dziralo ndi supuni, n'kuligwira ndi kansalu kopindapinda. Ngakhale ndi nsaluyo linkandiwotcha zala. Ndinatambasula dzanja. Galu ananunkhiza, anabweza mutu pang'ono, n'kundiyang'ana. Sankalifuna. Ndiye ndinanena mawu amene ndinkanena tsiku lililonse.

"Tenga."

Anatenga. Ndinadikira kuti alume, alavule, athawe. Sanalume. Anaima pomwepo, dzira lili kukamwa, miyendo yakutsogolo ikupondaponda pansi. Dovu linayamba kuchucha mbali zonse ziwiri. Thupi lonse linkanjenjemera, kakulira kakutulukira m'mphuno, koma maso ake sanachoke pa ine. Ndinaima ngati chitsiru, ndikudabwa kuti bwanji sakulavula. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mwina kupuma kasanu, mwina kakhumi. Kenako ndinazindikira chimene ankadikira.

"Patse! Patse!"

Analiika m'dzanja langa pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi makiyi. Dziralo linali lathunthu, lopanda ndi mng'alu womwe. Linandiwotcha chikhato, ndipo sindinalitaye msanga, chifukwa ndinaona kuti n'koyenera kuti lindiwotche.

Zotsatira zake ndinazichita ndi manja a unesi, mutu usakuganiza. Ndinamukokera ku mpopi, n'kumuthira madzi ozizira m'kamwa kwa nthawi yaitali. Lilime linali litafiira, m'mwamba mwa kamwa mutayamba kuyera. Aneba anali atagwada pambali panga atagwira beseni. Nditatha ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mbale ija m'kabati, n'kudzaiika patsogolo pawo. Munali mazira awiri.

"Awa ndi anu," ndinatero. "Enawo tinadya, ine ndi amuna anga. Galuyu amabwera nawo pakhomo pano, ife timayesa mphatso za odwala. Lachisanu lija ndinadziwa, koma ndinachita manyazi."

Ndinkalira ngati mwana, mamina ali chuchuchu, akapitawo akuona. Aneba anayang'ana mbale, anayang'ana galu, anayang'ana ine.

"Ndiye kuti dzira lotenthali tikanapatsa inu," anatero.

Sanaseke ponena zimenezo, ndipo ankanena zoona.

Lolemba ndinatumiza uthenga kwa alangizi a ziweto a ku boma, ndipo anabwera pa njinga yamoto. Anali bambo wachikulire wodekha. Anamuyang'ana m'kamwa, anamubaya jekeseni, n'kuti apola, ndizingomupatsa zozizira ndi zofewa. Ndinawauza kuti zofewa ndiye amadya chibadwire, popeza mtundu wake uli ndi m'kamwa mofewa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amayi, anakuuzani ndani kuti ndi matenda?"

Anandifotokozera kuti kwawo kwa agalu amenewa, alenje amawombera abakha, galu n'kukatola bakhayo m'madzi, kubwera naye kwa mbuye wake osamuluma, osamuthothola ndi nthenga yomwe. Kufewa kwa m'kamwa n'kumeneko: amadziwa kunyamula chinthu osachiphwanya. Mano ake ndi olimba ngati a galu wina aliyense. Ndinakhala pa sitepe n'kugwira kukamwa. Zaka ziwiri ndikusinja bonya, ndikumana galu mafupa, pamene adona aja ankandiuza chinthu chimene chikanandithandiza kumvetsa za mazira tsiku loyamba lomwe. Alangiziwo anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga analeka.

Galuyo anapola m'milungu iwiri. Masiku oyambirira ankangomwa phala lozizira, ndipo ndinkamupaka uchi pa lilime ndi chala. Uchiwo anabweretsa ndi aneba, m'kabotolo. Nkhani ija inayendadi monga ndinkaopera, inafika ku sikelo ndi ku fakitale, ndipo kwa chaka chathunthu amuna anga ankafunsidwa m'sitafurumu ngati adya mazira m'mawa. Sitinafe nazo. Anthu anaseka, ife tinaseka nawo, zinatha. Chimene ndinkachiopa kwambiri chija chinali chaching'ono chonchi.

Atachira, chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kupita ku butchala ya ku Luchenza kukagula fupa la mwendo wa ng'ombe. Analiyang'ana mozungulira kwa kanthawi ngati sakukhulupirira, kenako anakagona nalo pansi pa mtengo wa mapeyala tsiku lonse. Akapitawo, omwe aja a tameki, ndi amene anayamba kumusungira mafupa. Aneba anamulemba ntchito. Nkhuku ikasowa poikira, ankabwera pa mpanda n'kuti, "Anesi, tabwerekeni mwanapwa," ndipo ankatsatira galuyo m'tiyi mpaka pa chisa. Tinagwirizana kuti dzira lililonse lopezeka pa khonde pathu lizidutsa mpanda tsiku lomwelo. Mayiwo ankati chikhalireni sanaonepo wantchito wokhulupirika chotero, wosagwira ntchito tsiku la Sabata lokha chifukwa iwo sankamutuma.

Tinakhala naye zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo zinali zaka zabwino. Tinabereka mwana wamkazi, ndipo anaphunzira kuyenda atagwira ubweya wa galuyo. Miyezi yotentha tinkapita naye ku damu la esiteti, iye n'kudziponya m'madzi kukatola kamtengo, potuluka n'kudzadzikutumula pafupi ndi munthu amene wavala bwino kuposa onse. Adona ndi amuna awo anabwerera kwawo, anabwera mamanijala ena akuda, mabulugamu anadulidwa n'kuphukanso. Chaka cha njala chija, pamene ufa unasowa, tinkagawana naye zimene zinalipo, ndipo sindinachite manyazi ndi aliyense. Atakalamba, kumaso kutayera, miyendo yakumbuyo inayamba kuuma nthawi ya chiperoni, ndiye ndinkamuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda. Ankandikondabe monga kale. Ndikamaweruka ndinkamupeza pa mphambano, ndikakhala pa sitepe ankadzaika mutu pa bondo panga, ndipo chipeso sankalola kuti agwire wina.

Koma chinthu chimodzi sichinabwerere. Amuna anga akamupatsa nyuzipepala n'kuti tenga, ankatenga. Mwana wathu akamupatsa chidole, ankatenga. Ngakhale aneba, amene anaphika dzira lija, ankamupatsa kadengu m'manja iye n'kulandira. Ine ndikatambasula dzanja, kaya muli makiyi, kaya muli nyama, ankakhala pansi, mchira ukugunda pang'onopang'ono, n'kutembenuzira mutu kumbali. Sankathawa, sankakwiya. Ankangodikira.

Ndinayesa kwa miyezi, ndi chiwindi chowotcha, ndi mawu okoma, mpaka amuna anga anandiuza kuti ndimusiye, madzi akatayika saoleka. Poyamba zinkandipweteka kwambiri, ndipo masiku ena ndinkalowa m'nyumba kuti mwana asaone nkhope yanga. Kenako ndinaphunzira njira yake. M'mawa uliwonse ndinkaika kachikwama kanga pansi, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi, manja ndili nawo kumsana. Iye ankadzuka, kukanyamula, n'kutsogola njira ya ku dispensale, mchira uli m'mwamba. Tikafika ndinkati patse, ndipo ankandiikira m'dzanja mofatsa. Kupereka ankapereka m'dzanja langa mpaka tsiku lake lomaliza. Kulandira ndiye ayi.